Mbale Sibwerera Yopanda Kanthu

Anthu akamawatamanda a Midhat, ine ndimangokhala duu, chifukwa ndikati nditsegule pakamwa ndimayambira kuwakalipira. Ndi munthu wabwino, sindikana. Mu Tripoli muno mukafunsa za bambo wa tukutuku yobiriwira yonunkha adyo, ngakhale mwana akulozerani. Koma ubwino nawo ukamathamanga osafunsa umapweteka anthu, ndipo ine ndinaziona ndi maso angawa.

Ndine Nawal, amake Rabih. Ndili ndi kalesitilanti kuseri kwa msika wa sopo, ndimaphika cha masana chokha, dzuwa likapendeka ndatseka. A Midhat ndinadziwana nawo tonse tili pa ntchito ku lesitilanti yaikulu ya a Haji Burhan kufupi ndi doko, ine ndikulira ndi anyezi kukhitchini, iwo akuthamanga ndi mathireyi kutsogolo. Analowa kumeneko ali kamnyamata kamasiye kopanda ndi nsapato zomwe, anatulukako imvi zili mbuu. Moyo wawo wonse unathera pa kuika chakudya patsogolo pa anthu okhuta, n'kudzachichotsa atangochijompha ngati nkhuku yodwala. Zinkawapweteka. Akaona kachidutswa ka buledi pansi ankakatola, kukapsompsona, kukagunditsa pachipumi n'kukaika pamwamba, monga tinaphunzitsidwira tonse tili ana. Kungoti enafe tinaiwala titakula, iwo ayi.

A Haji Burhan anali bwana wovuta, abale. Wamtali, wamimba, mawu ngati bingu. Chakudya sichinkatuluka kukhitchini asanalawe okha, ndipo lilime lawo linali la mfiti: supuni imodzi yokha akuuzani amene waphika, ndiponso ngati anakangana ndi mwamuna wake m'mawa. Ankatikalipira mpaka kugwetsa misozi, koma pa Idi nkhosa zinkagwa pabwalo, nyama n'kufika nyumba iliyonse mumsewu wathu. Pa ukwati wa a Midhat ndi Ikram ndi iwo anadyetsa anthu, mpaka amuna kumasula malamba. Ndiye a Midhat akamati "a Haji ndi bambo anga," sikunali kukometsera.

Kenaka chinabwera chaka chimene ndalama yathu inasanduka mapepala. Zimene a Haji anasunga ku banki moyo wawo wonse zinatsekeredwa komweko, akapita kukafunsa ankauzidwa kuti abwere mawa. Lesitilanti inatsekedwa. Mayi akunyumba anamwalira chaka chotsatira. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Australia, ndipo akaimba foni a Haji ankayankha kuti, "Alhamdulillah, kuno tikudya mpaka kutaya." Anatsala okha pamwamba penipeni pa nyumba ya nsanjika, chikepe chili chakufa chifukwa magetsi kulibe.

A Midhat anagula tukutuku, njinga yamoto ya mateyala atatu, kuti azinyamula anthu. Tsiku lina madzulo anaima pakhomo panga akufuna madzi akumwa, anandipeza ndikupendeketsa poto wa mpunga m'bini. Makasitomala anali atachepa, filiji yosagwira, ndikanatani?

"Amake Rabih, mukutani?"

"Ndikuvina, simukuona?"

"Mpunga wonsewo?"

"Ndiusunge pati kotentha kuno? Pamutu panu?"

"Ndipatseni."

"Mudya nokha poto yense? Ikram wasiya kukuphikirani?"

Sanaseke. Anandilanda potoyo, anamukhazika pampando wa makasitomala, uyo wapita. Anabwera naye atatsukidwa, akuti kuseri kwa mzikiti wa ku Tabbaneh, kumene kumasonkhana anthu anjala, mpunga unatha asanazimitse injini.

Ntchito inayamba choncho, popanda komiti, popanda chikwangwani. Kumzikiti akangoitanira swala ya madzulo, a Midhat ankayamba ndi kwa ine, kenaka kwa wowotcha nyama wa pakona, kwa ophika buledi, mpaka m'malesitilanti a m'mbali mwa nyanja. Kukachitika ukwati ankalawirira ku holo. Ophika onse a mumzinda muno ankawadziwa kuyambira kale, ndiye kukana kunali kovuta. Wokana ankangomuimirira pakhomo chete, manja kumbuyo ngati akudikira oda, mpaka manyazi amugwire. Za m'mbale ya kasitomala sankatenga, ankatenga zotsala mumphika, ndipo chilichonse ankayamba anunkhiza n'kulawa okha. "Likakhala tsoka, liyambe ndi mimba yanga," ankatero.

Makasitomala a tukutuku anathawa mmodzimmodzi. Ndani angavale zochapa n'kukakhala pampando wa msuzi? Ikram ankabwera kudzandidandaulira. "Amake Rabih, ine ndinakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi poto? Akamalowa m'nyumba amphaka a msewu wonse ali pambuyo." Koma yemweyo ndiye ankakhala pakhonde kupakulira chakudyacho m'timabokosi toyera ta pulasitiki, totaya tija, uku akung'ung'udza. Kuseri kwa mzikiti anthu ankafola, a Midhat n'kumapereka kabokosi kalikonse ndi manja awiri, ataweramitsa mutu, ngati akuperekera nduna. Azimayi ankawaseka. "Bwana weta, lero ndinaitanitsa nsomba!" Iwo amvekere, "Pepani mayi, nsomba zakana kutuluka m'nyanja, landirani mphodza."

Koma njala ina ya mumzinda muno sifola pamzere. Alipo anthu amene anali ndi dzina, ovala jekete yosita, amene angalole kugonera madzi kusiyana ndi kuti mnansi awaone atanyamula kabokosi koyera. Kabokosi kaja aliyense amadziwa kuti kamachokera kuti, ndipo kamapita kwa yani. Tonse tinkadziwa kuti anthu otere alipo. Chimene sitinaganize n'chakuti mmodzi mwa iwo ndi a Haji Burhan.

A Midhat anakawaona pa Idi yaing'ono. Anabwera kwa ine maso ali psuu.

"Ndawapeza atavala suti, kolala yayamba kuwakulira. Khofi amene andipatsa, amake Rabih, mutha kuona pansi pa kapu. Ndinalowa kukhitchini ngati ndikufuna madzi. Mulibe kanthu! Buledi wouma m'pepala, ndi tiyi. A Haji amene aja!"

"Ndiye muwapititsire chakudya."

"Ine? Ndikawapatse kabokosi? Angandiponye pa masitepe."

Nzeru anabwera nayo ndi Ikram. Kuno mayi akaphika chokoma amapakulira mnansi m'mbale, n'kuphimba ndi kansalu, ati "talawani." Imeneyo si sadaka, ndi chinansi, ngakhale wolemera amalandira. Ikram anatulutsa mbale yake ya maluwa abuluu, ine ndinkapakuliramo chabwino cha tsikulo chisanapite m'timabokosi, a Midhat n'kukwera nayo masitepe. "Ikram waphika zambiri, a Haji. Akuti mumulawire, mumuuze ngati mchere wakwana."

Analandira! Tsiku loyamba a Midhat anatsika akuimba. Lero therere la nyama ya nkhosa, mawa zitheba za mafuta a azitona, mkuja kibe, timibulu ta nyama yogaya ta mu yogati, tsiku lina mphodza ndi mpunga wa anyezi wokazinga. Patapita milungu masaya anayamba kubwerera kwa mkulu uja, ndi mawu omwe. Anayambanso kukalipa, ati a Midhat akugwira mbale ngati munthu amene sanagwirepo ntchito kwa iwo. A Midhat akamandifotokozera za kukalipiridwako nkhope inkawala.

Koma mwambo womwewo uli ndi mbali ina. Mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu, chimenecho ndi chipongwe. Ukhoza kuikamo malalanje awiri kapena timasiwiti, bola pakhale kanthu pansi pa kansalu. Poyamba mbale ya Ikram inkabwerera ndi mandimu, tsiku lina timaluwa tonunkhira ta pakhonde. Koma a Haji ndi a Haji. Munthu amene ankadyetsa msewu wonse angabweze mandimu tsiku ndi tsiku kwa wantchito wake wakale? Mbale inayamba kubwera ndi zotsekemera za tchizi za m'sitolo yodula ija, tsiku lina khofi wogaya kumene, tsiku lina mtedza wobiriwira uja umene enafe timangouona pawindo. A Midhat ankasangalala ngati mwana.

"Mwaona? Mkulu uja akadali nako kanthu. Mwina wa ku Australia wayamba kutumiza."

"Kapena," ndinatero ine, koma mtima sunakhazikike.

Zotsekemerazo ankakagawira ana kuseri kwa mzikiti. Iwo sanadyepo ndi chimodzi chomwe.

Kuzizira kutayandikira ndinapita ku msika wa zakale kukafuna chivundikiro cha poto. Ndinangoti maso, mphika wamkuwa uli pakhoma, wopindika chogwirira. Ndinauzindikira ngati mwana wanga, unali wa kukhitchini kwa a Haji. Ndinaupinda ndine, nditaugwetsa ndili mtsikana, a Haji n'kundikalipira sabata yathunthu. Pambali pake panali miphika ina, mathireyi amkuwa a khofi, ndi mbaula ya gasi yotenthetsera m'nyumba.

"Izi mwazitenga kuti?" ndinafunsa wogulitsa.

"Kuli mdala wina wa suti, amabwera ndi chimodzichimodzi. Sanenerera mtengo. Akangolandira amawoloka msewu kukalowa mwa zotsekemeramo. Ndimati ali ndi chibwenzi, mdala ameneyu."

Iye anaseka. Ine ndinachokapo osagula chivundikiro.

Madzulo a Midhat atabwera kudzatenga mapoto ndinawakhazika pansi n'kuwauza zonse. Mbale iliyonse imene ankakwera nayo inkatsitsa katundu mmodzi m'nyumba ya a Haji. Chakudya chaulere chinkawadyera nyumba. Anagwira mutu ndi manja onse.

"Kalanga ine! Ndiye ndawagulitsitsa mbaula, mvula ndi chisanu zili pakhomo?"

"Musathamange. Pitani kunyumba, mawa tikhale pansi ndi Ikram tione chochita. Mwina tichepetse masiku, mwina tipeze bodza lina."

"Chabwino."

"Chabwino" wa mwamuna, mxii! Safunsa anadya phula. Anakaganiza okha, kutacha anali ndi nzeru yawoyawo: vuto ndi mbale, chifukwa mbale imabwezedwa. Chotsa mbale, palibe chobweza. Sanandiuze ine, sanamuuze Ikram. Anapakula mpunga ndi nkhuku m'kabokosi koyera, anakwera masitepe.

Zimene zinachitika pakhomopo anandiuza okha, ndipo akhala akundiuza kambirimbiri, mawu ake osasintha.

A Haji anatsegula akumwetulira, mbale ya dzulo ili kale m'manja, yophimba bwinobwino. Anayang'ana kabokosi. Anayang'ana a Midhat. Kumwetulira kunazima.

"Ichi n'chiyani?"

"Chakudya, a Haji. Ikram akuti mbale zonse n'zakuda. Aka musavutike kubweza, mukadya mungotaya."

"Ndingotaya."

"Eya, bwana."

"Midhat, mwana wanga, ukuyesa ndakalamba mpaka lilime? Therere la tsiku loyamba lija anaphika ndi Nawal. Mpaka lero amachulutsa mandimu, ndinamuuza ali mtsikana, samva. Kibe uja anali wa kwa Abu Jamil kunyanja, nyama yake amaigaya kawiri. Chakudya cha mkazi wako ndinadyapo kamodzi kokha, ndipo Mulungu amukhululukire."

A Midhat akuti anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Ndiye munkadziwa?"

"Ndinkadziwa kuti n'zotsala m'malesitilanti. Iwe unkanama, ine ndinkanama, ndipo ndinkadya. Unkabwera ndi mbale ngati mnansi, ine ndinkabweza ngati mnansi. Miphika ndi yanga, ndikagulitsa ndalakwira yani? Inalipo yokwanira kundiperekeza mpaka kumanda. Koma lero wandiimika pamzere wa kuseri kwa mzikiti, pakhomo panga pomwe."

"A Haji, sindimatanthauza choncho, ndikulumbira! Ndithamange ndikatenge mbale pompano."

"Ukaikemo chiyani? Zanenedwa kale. Tenga mbale ya mkazi wako, ukamuthokoze."

Anawapatsa mbale ija, anatseka chitseko pang'onopang'ono, osamenyetsa. A Midhat amati bola akanamenyetsa.

Tsiku limenelo ndinawakalipira mpaka makasitomala a wowotcha nyama anatuluka kudzaonerera. Zaka zonsezo kuperekera anthu chakudya, bambo inu, osadziwa kuti munthu amayamba wayang'ana chimene chakudyacho chabweramo asanayang'ane chakudyacho! Iwo anangoima, kabokosi kali m'manja.

Tinayesa zonse. A Midhat anakweranso ndi mbale, chitseko sichinatsegulidwe. Ikram anapita yekha ndi chakudya chophika iye mwini, chenicheni, a Haji anamuyankhira mkati mwaulemu kuti adya kale. Ine ndinakwera masitepe amenewo ndi mawondo angawa, ndikupuma pa nsanjika iliyonse. Ndinagogoda n'kunena kuti ndikufuna azibwera kukhitchini kwanga, azindilawira miphika ngati kale, ndiziwalipira.

"Nawal," anatero kuseri kwa chitseko, "chepetsa mandimu. Ndakulawira kale, kwaulere."

"A Haji, tsegulani! Munthu sadya ulemu!"

"Enafe timadya."

Ndinatsika ndikulira ndi ukali. Anthu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene ananena mawu amenewo sanawadziwe a Haji Burhan. Anabwerera ku buledi wouma ndi tiyi, ndipo miphika yotsala sanagulitsenso. Kugulitsa kuti abweze mbale ankakuona ngati ulemu, koma kugulitsa kuti adye, ayi, kumeneko kunali kuvomera kuti agwa. Musandifunse, ine mitu ya amuna a mumzinda uno sindiimvetsa.

Ndinati tiimbire mwana wa ku Australia, a Midhat anakana. "Ndawavula kamodzi, ndiwavulenso pamaso pa mwana wawo?" Tinakangana, masiku n'kumapita. Pamene anadzavomera kuimba, chifuwa chinali chitawagwira kale a Haji.

Ntchito yawo sanasiye. Tsiku lililonse mapoto, timabokosi, mzere kuseri kwa mzikiti, anthu ochuluka kuposa kale. Koma nthabwala za nsomba zinatha. Akamaliza kugawa ankakwera masitepe aja ndi mbale, kuiika pakhomo, kugogoda, "Ndine, a Haji," n'kukhala pa sitepe kudikira. Nthawi zina ankamva kutsokomola mkati. Mawa lake ankaipeza mbale ili pomwepo, amphaka atakankha kansalu.

A Haji anamwalira mkati mwa dzinja, sabata imene mvula inagwa osakata. Mnansi wa pansi ndiye anazindikira kuti kutsokomola kwasiya. Dokotala anati ndi chibayo. Chibayo inde, koma chinapeza munthu wopanda mbaula ndi wopanda mnofu.

Mwana sakanafika nthawi yake, ife sitigoneka maliro. Ndiye osambitsa thupi atafunsa ngati pali wachibale woti athandize, a Midhat anati, "Ndine mwana wawo." Madzi anathira ndi iwo, nsalu yoyera anakulunga ndi iwo.

Pochokera kumanda anabwera kwa ine, nthawi yake ya mapoto, matope ali m'nsapato. Ndinali nditawakonzera kale mawu, koma nditaona nkhope ndinawameza. Ndinawaikira mpando, anakana. Anaima pakhomo akuyang'ana manja awo.

"Masitepe aja ndi opapatiza, jeneza lonyamulira maliro silikanakhota," anatero. "Ndiye anati tiwatsitse pamanja, tigwirizane anthu anayi. Ine ndinati dikirani, ndiyambe ndakweza kumutu. Amake Rabih, ndinawanyamula ndekha. Kuchokera pamwamba mpaka pansi, osapuma, nkhalamba ine. A Haji amene aja, amene ankadzaza chitseko."

Anthu anali akudikira kuseri kwa mzikiti, ndiye ndinangonyamula poto wa mphodza n'kuwapatsa. Anamulandira ndi manja awiri.

"Poto uyu akulemera kuposa iwo," anatero.